Nyumba ya Mateyala Anayi

Nyumba imene Simeoni ankakonza kuti adzalowemo ndi Dainess akadzakwatirana inali ndi mateyala anayi, ndipo amalume ake a Dainess, a Fabiano, anali atawawerenga onse.

Inali kalavani. Mzungu wina amene anali manijala pa esiteti ya tiyi anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale, ndipo pobwerera kwawo anangoisiya kuseri kwa galaja, pansi pa mabulugamu, mpaka makoswe anaonera momwemo zidzukulu. Kutsogolo inali ndi khosi lalitali lotukuka, lokhazika pamsana pa lole poikoka, ndipo bedi linali m'khosi momwemo. Simeoni, makanika wa mathirakitala pa esitetipo, anaipempha kwa mabwana chakumapeto kwa 2004, iwo n'kumupatsa akuseka. Miyezi isanu ndi itatu anathera pa iyo. Anakanganula pansi povunda n'kuyala matabwa atsopano, anamata denga lodontha ndi phula, anakhoma siling'i ya pulayiwudi, kunja n'kupaka penti yobiriwira ngati tiyi wa m'dzinja. Loweruka lokha ndiye sankaikhudza. Iye ndi Dainess anali a Sabata, ndipo onse awiri ankaimba kwaya kutchalitchi kwawo pa Makwasa, kufupi ndi sukulu imene Dainess ankaphunzitsa.

Vuto linali kwa Nsabwe, kwawo kwa Dainess. Kumeneko mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo amayamba waumba njerwa n'kumanga pamalo amene mwini mbumba wamulozera. A Fabiano malo analoza, abwino ndithu, m'mphepete mwa nthochi. Koma atamva kuti mkamwini wawo sadzaumba njerwa ndi imodzi yomwe, anapalasa njinga kudzaiona nyumbayo ndi maso awo. Anaizungulira kawiri, n'kugogoda teyala limodzi ndi nsapato.

"Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," anatero. "Nanga uyu wochita kubwera ndi mateyala ake?"

Chigamulo chawo chinali chachidule. Nyumbayo ibwere, koma tsiku lofika kwa Nsabwe ikhazikidwe pa njerwa, mateyala onse agululidwe, akasungidwe kunyumba kwa iwo a Fabiano. Kupanda apo chinkhoswe palibe. Simeoni anayankha kuti wamva. Sananene kuti wavomera, ndipo Dainess, pokhala mphunzitsi, kusiyana kwa mayankho awiriwo anakuona.

*

Lamulungu lina masana Dainess anafika kuseri kwa galaja atanyamula chinangwa chophika. Simeoni ankaoneka miyendo yokha, thupi lonse lili kunsi kwa kalavani.

"Odi kuno, eni nyumba!"

"Lowani, bola musalowe," anayankha Simeoni ali kunsi komweko.

Inali nthabwala yawo, ngakhale Dainess inali itayamba kumutopetsa. Miyezi yonseyi anali asanapondemo m'kalavanimo. Simeoni ankati akulu a mpingo ali ndi maso paliponse, ndipo mnyamata ndi mtsikana osakwatirana akangotsekeredwa ndi chitseko chimodzi, Sabata lotsatira mayina awo amakawerengedwa kutsogolo. Choncho Dainess ankathera pa sitepe, n'kumasuzumira.

Tsiku limenelo sanafike n'komwe pa sitepe. Anaima patali, maso ali pa mazenera. Lililonse linali ndi katani yachikasu yamaluwa, yopindidwa bwino ndi makina.

"Makatani awa abwera liti?"

"Lachinayi." Simeoni anatuluka akupukuta manja. "Akongola eti?"

"Akongoladi. Mwasoka nokha?"

"Ine ndi singano? Wasoka ndi Olivia."

Olivia anali telala wa pa Makwasa, kwawo ku Bvumbwe. M'kwaya ankaima kutsogolo kwenikweni kwa Simeoni, ndipo anali mtsikana woti mwamuna akayamba nthabwala, iye amaseka isanathe.

"Muyeso munam'patsa ndinu?"

"Anabwera ndi tepi yake. Akuti muyeso wa makanika ndi wa mabawuti."

"Ndiye kuti analowa."

"Nanga akanayeza bwanji ali panja?"

"Ndi kazenera ka kubediko anayezanso?"

Simeoni anayang'ana chinangwa ngati kuti yankho lili m'mbalemo. "Dainess, ija ndi ntchito."

"Ntchito, eti? Ine miyezi eyiti ndikuthera pakhomo ngati wogulitsa makala, mukuti akulu a mpingo aona. Tsiku la Olivia akulu a mpingowo anali atapita kumaliro?"

"Iwe ndiwe wanga, n'chifukwa chake ndikukusamala."

"Musandisamale kwambiri choncho, ndingaonongeke."

Simeoni anaseka, Dainess osaseka. Maso ake anali atatsikira pansi. Mateyala akale ong'ambika aja panalibe. Panali ena anayi, akuda bii, ndipo lachisanu linali litatsamira pa bulugamu. Pambali pake panali chitini cha girisi chopita pakati.

"A Simeoni, kuchoka pano kupita kwa Nsabwe ndi ulendo umodzi, wa tsiku limodzi. La faifili ndi la chiyani?"

"Msewu wa kwanu ukuudziwa. Miyala yokhayokha. Likaphulika limodzi pachitunda, ndidzaisenza pamutu?"

Yankho linali lomveka, ndipo Dainess anasowa pogwira. Koma mtima ukayamba kukayika, yankho lomveka bwino ndi limene umalikayikira kwambiri. Anamusiyira chinangwa n'kubwerera, njira yonse akudzifunsa kuti munthu amathera girisi wochuluka chomwecho pa mateyala oti akagululidwa sabata ziwiri zikubwerazi.

*

Lachiwiri Dainess anatenga siketi yake yabwinobwino, anaimasula yekha mpendero ndi lezala, n'kupita nayo kwa Olivia. Nsanje imaphunzitsa anthu luso.

"Asisi Dainess! Mwatikumbukira lero?" Olivia anachotsa mapini pakamwa. "Fikani, fikani."

"Siketi iyi yamasuka."

Olivia anaitembenuza, anaona mmene ulusi unadukira molunjika, n'kumwetulira. "Yamasuka mwaulemu bwanji! Makatani munawaona?"

"Ndinawaona."

"Nsalu ija anasankha okha achimwene Simeoni. Ine ndinangowauza kuti yachikasu imawalitsa m'nyumba. Koma m'kati muja, asisi, ee! Kakabati, kasinki, pokoleka zovala. Bedi lake ukakhalapo ukuona tiyi mpaka kuphiri." Anaima dala. "Kodi paja inu simunalowemo? Pepani, ndimayesa mukudziwa."

"Ndidzalowamo tsiku lake," anatero Dainess. "Ndipo ndikadzalowa sindidzatulukamo ndi tepi."

"Ameni, asisi." Olivia anayamba kupalasa makina. Anasoka pang'ono, kenako anayankhula osadzutsa mutu. "Koma anthu anu aja ndi a mafunso. Dzana amandifunsa za njira ya kwathu ku Bvumbwe. Akuti kodi lole yokoka chinthu chachitali ingakhote pamphambano ya kuseri kwa msika paja?"

Dainess anasendera pafupi. "Inu munawayankha chiyani?"

"Ndinati ikhoza, bola woyendetsa akhale wofatsa." Analuma ulusi n'kumupatsa siketi. "Iyi musalipire. Ndife amodzi."

Dainess anatenga siketi yake n'kutuluka. Anali wokwiya, komanso anali ndi mantha, ndipo mantha ndiwo ankaposa. Kwa Nsabwe ndi kumunsi, Bvumbwe ndi kumtunda. Palibe munthu amapita kwa Nsabwe kudzera ku Bvumbwe.

*

Lachitatu ataweruka kumapemphero a madzulo, dzuwa likadalipo, Dainess ndi Simeoni anadzera kanjira kodutsa m'minda ya tiyi. Dainess anadikira kuti anthu ena apite patsogolo, n'kuima.

"A Simeoni, ndiyankheni mosazungulira. Mateyala aja mudzawapereka kwa amalume?"

"Ndidzawagulula."

"Sindinafunse zogulula. Mudzawapereka?"

Simeoni anathyola kansonga ka tiyi n'kumakapotokola ndi zala.

"Bambo anga unawaonapo kawiri," anayamba. "Ukudziwa kuti amagulitsa kabichi pa Bvumbwe. Unayamba wadzifunsa kuti munthu wa zaka sikisite-faifi akufunanji pamsewu?"

"Munati anakonda bizinesi."

"Ndinanama. Bambo aja anakhala pachikamwini zaka twente-thuu. Anaumba njerwa okha, anaotcha okha, anamanga nyumba ya zipinda zinayi ya malata. Anabzala mapeyala, anabzala nthochi. Mayi atamwalira, patangotha mwezi, abale a mayi anawaitana pabwalo n'kuwathokoza. Anawathokoza bwinobwino, Dainess, mwaulemu. Kenako anawapatsa bulangete lawo ndi khasu limodzi, akuti mwatigwirira ntchito, kapumeni kwanu. Kwawo kwake kuti? Anachokako ali mnyamata, munda wawo unagawidwa kalekale. Lero akugona m'khitchini mwa munthu, pambali pa nkhuni. Nyumba ija mukukhala mwana wa mng'ono wawo wa mayi, ndipo anasintha ndi penti yomwe."

Nkhani zotere Dainess anazimvapo kwawo komwe, koma nthawi zonse ankazimva kuchokera kwa othamangitsawo.

"Ine ndinali ndi zaka naintini," anapitiriza Simeoni. "Ndinawanyamulira bulangetelo mpaka pasiteji. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzaumba njerwa padothi la eni ake. Ndidzakhala kwanu, ndidzalima, ndidzalemekeza amalume ako. Mateyala ndidzagulula. Koma ndidzasunga ndekha, kumene ndikudziwa ine."

"Ndiye kuti mukuona ngati ine ndingadzakuthamangitseni?"

"Iwe ayi. Mayi anganso sakanawathamangitsa bambo."

Misozi inalengeza m'maso mwa Dainess. Anamumvera chisoni, ndipo anamukonda kuposa mmene ankamukondera m'mawa wa tsiku lomwelo. Komabe kamunga ka Olivia kaja kanali kasanazuke.

"Nanga njira ya ku Bvumbwe mumaifunsiranji kwa Olivia?"

Simeoni anadzidzimuka. "Wakuuza zimenezo?"

"Wandiuza. Ndi za bambo, kapena ndi za iyeyo?"

"Zimenezo ndidzakuuza zikapsa. Panopa ndi maganizo chabe." Anamugwira dzanja, chinthu chimene sankachita pagulu. "Koma izi za bambo ndauza iwe wekha. Ngakhale kumpingo amadziwa kuti anachoka okha. Ndi chinthu chokhacho chimene anatsala nacho, ulemu umenewo. Usauze munthu."

"Sindiuza munthu," anatero Dainess, ndipo ankanenadi zoona panthawiyo.

*

Lachinayi la sabata yotsatira Dainess anapita kwawo chifukwa ankhoswe ankakumana m'mawa mwake. Anapeza mayi ake, a Esnat, akupeta nandolo pakhonde. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Waonda. Mwamuna uja akukudyetsa maganizo."

"Ndi ntchito, amayi."

"Ntchito pa holide? Khala apa." Anakankha lichero. "Malume ako akuti mnyamata uja ali ndi kampeni kumphasa. Anthu awatsina khutu kuti kuli katelala kena pa Makwasa kamalowa n'kutuluka m'chinyumba chija. Akuti mateyala akukanira chifukwa ali ndi kwina kokaikoka akadzakutopa."

"Si choncho, amayi."

"Nanga ndi chiyani? Mwamuna wopanda chobisa amakanira mateyala a chiyani?"

"Ali ndi chifukwa chake."

"Chifukwa chosatchulika ndi mkazi, mwana wanga. Ine ndakula."

Apa ndi pamene Dainess anaterereka. Sanafune kumupweteka Simeoni. Ankafuna kumuyeretsa, kuti mayi ake amuone mmene iye anamuonera m'munda wa tiyi muja. Mwinanso ankafuna kumva nkhaniyo ikutuluka m'kamwa mwake kuti aikhulupirire yekha. Anaifotokoza yonse, ya njerwa, ya bulangete, ya khitchini ya ku Bvumbwe, mpaka yosunga mateyala kobisika.

"Koma musawauze amalume. Ndinalonjeza."

"Ine ndiuze ndani?" anatero a Esnat. "Ndili ndi nthawi yake?"

Posakhalitsa anadzuka, anamanga chitenje, akuti akukapempha mchere kwa achimwene awo, a Fabiano. Dainess atalowa m'nyumba anapeza mchere uli wodzaza m'botolo.

*

Lachisanu m'mawa anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Simeoni anabwera ndi nkhoswe yake, a Phillip, atavala jekete lake la ku tchalitchi. Dainess anakhala pamphasa ndi amayi chapatali, pomvekera mawu. Nkhuku inali itaphedwa kale.

A Fabiano analonjera alendo, anafunsa za kumudzi, anayamikira nyengo. Kenako anakonza kukhosi.

"A Phillip, ife tili ndi funso limodzi. Tamva kuti mwana wanuyu mateyala adzagulula, koma adzabisa. Kuti tsiku lina mwana wathu akadzatsogola, iye adzangobweretsa lole n'kukoleka nyumba. Ndiye tifunse: akulowa m'mudzi muno atawerengera kale maliro a mwana wathu?"

A Phillip anatembenukira kwa Simeoni, kukamwa kuli yasa. Zimenezi anali asanazimve.

"Tamvanso za bambo ake," anapitiriza a Fabiano. "Kuti anachotsedwa pachikamwini ndi bulangete, ndipo akugona ndi nkhuni pa Bvumbwe. Pepani, n'zachisoni. Koma ife sitinaliko. Munthu sathamangitsidwa chabe. Analakwa chiyani, sitikudziwa. Tsono ife tilangidwe chifukwa cha mlandu wa mudzi wina?"

Amayi ena pamphasa anang'ung'udza. Wina anati, "Kodi aja a kabichi aja?"

Simeoni sanawayang'ane a Fabiano. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Dainess, kamodzi kokha. Sanakwinye nkhope. Dainess akanakonda akanamukalipira pamaso pa anthu onsewo, chifukwa kuyang'ana kumeneko kunali kwa munthu amene wangomva kumene mtengo wa chinthu. Manyazi anamugwira mpaka anafuna dothi limumeze.

"Bambo anga sanalakwe kanthu," anatero Simeoni motsitsa mawu. "Amalume, Lamulungu m'mawa mubwere ku esiteti ndi sipanala yanu."

"Ndiye kuti mwavomera?"

"Mubwere ndi sipanala yanu."

Anaimirira, anawerama pang'ono, n'kunyamuka. A Phillip anamuthamangira akupepesa uku ndi uku. Nkhuku inadyedwa ndi eni mudzi okha, ndipo a Fabiano anadya chiwindi mokhutira, akuti mlamba ukaugwira pamutu suterereka.

Dainess sakanamutsatira Simeoni pamaso pa akuluakulu. Anakwera matola a masana kubwerera ku Makwasa, ali m'galimotomo n'kulemba meseji, kuifufuta, kulembanso. Yomwe anatumiza inali yaifupi: "Pepani. Ndimafuna kukuikirani kumbuyo. Tionane mawa ku tchalitchi." Meseji inapita. Yankho silinabwere. Dzuwa litalowa, Sabata n'kuyamba, anayesa kuimba, koma foni ya Simeoni inali yothimitsa monga ankachitira Sabata lililonse.

*

Loweruka kunacha ndi chiperoni, nkhungu ili pansi, kamvula kakuwaza. Dainess analawirira kutchalitchi n'kukhala poti aziona khomo. Anthu analowa, Sukulu ya Sabata inayamba n'kutha, kwaya inaimirira. Pamalo pa Simeoni panali mpata. Munthu ameneyu anabwerapo kutchalitchi malungo ali m'thupi, akunjenjemera m'jekete, koma lero kunalibe.

Kutsogolo kwa mpatawo kunali mpata wina.

"Olivia ali kuti?" Dainess ananong'oneza mtsikana wa pambali pake.

"Kaya. Mwina wapita kwawo. Amapitapita."

Amapitapitadi. Dainess anadziuza zimenezo kangapo. Anadziuzanso kuti Simeoni wangokhala m'nyumba chifukwa cha mkwiyo, kuti munthu wonyozeredwa bambo ake ali ndi ufulu wokwiya tsiku limodzi. Nyimbo anaimba ndi pakamwa pokha. Masana anafuna kupita ku esiteti, koma anaopa kuti akakamupeza akadali wopsa mtima, angakanene mawu osabwezeka. Anaganiza zodikira Lamulungu, kuti akamupepese pamaso pa amalume ake omwe, ndipo ngati kungafunike, akawauze a Fabiano kuti mateyalawo asunga ndi iye mwini wake, Dainess.

*

Lamulungu a Fabiano anafika molawirira kuti aiperekeze kalavani kwa Nsabwe, sipanala yobwereka atakulunga m'thumba la feteleza n'kumangirira pakaliyala. Anamutenga Dainess pasukulu, n'kumakankha njinga limodzi mpaka ku esiteti. Njira yonse ankafotokoza mmene adzasanjire njerwa ndi pamene adzakoleke mateyalawo kuti chiswe chisawapeze. Dainess ankangobwereza mumtima mawu opepesera.

Atakhota kuseri kwa galaja, a Fabiano anasiya chiganizo pakati.

Pansi pa mabulugamu panali malo aatali a udzu wofota, owoneka bwino m'mbali zonse zinayi ngati munda wolambulidwa. Pena panali timatabwa totsala ndi zitini za penti zopanda kanthu. Padothi lofiira lonyowa ndi chiperoni panali mizere ya mateyala yopita kugeti. Kalavani kunalibe.

Dainess anatsatira mizereyo akuthamanga. Pageti mlonda wachikulire, a Anderson, anali atakhala pampando wawo, wailesi ili pamwendo.

"Abambo, kalavani ija ili kuti?"

"Yapita dzulo, mayi. Cha m'ma naini, nthawi ija inu a Sabata mumakhala mutalowa m'tchalitchi."

"Dzulo? Pa Sabata? Watenga ndani?"

"Eni ake, a Simeoni. Inenso ndinadabwa. Anthu aja tsiku limeneli sagwira ndi sipanala yomwe, koma dzulo anabwera ndi lole, anakoleka okha, thukuta lili kamukamu ngakhale kumazizira."

A Fabiano anafika akupuma mwawefuwefu. "Mwina wasokoneza tsiku. Mwina tasemphana naye, wakaisiya kwathu. Anakhotera kumunsi, eti? Njira ya kwa Nsabwe?"

"Iyayi, bwana. Kumtunda. Njira ya ku Boma."

Dainess anagwira chitsulo cha geti. Ku Boma ndi kumene msewu umapitirira mpaka ku Bvumbwe, kumene kunali mkulu wogona pambali pa nkhuni, komanso kumene kunali kwawo kwa telala. Mtima wake unakakamira kwa mkuluyo ndi mphamvu zonse. Funso lomwe linatsala ankaliopa, koma linatuluka lokha.

"Anali okha?"

"Iyayi. Kutsogolo anakhala ndi mayi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha kuzizira kuja."

"Mayi wake uti?"

A Anderson anatsegula pakamwa kuti ayankhe, kenako anamuyang'anitsitsa Dainess, anayang'ana a Fabiano ndi thumba lawo la sipanala, n'kuthimitsa wailesi pang'onopang'ono.

"Ine geti ndinatsegula mokondwa, mpaka ndinawauza kuti Mulungu adalitse banja lanu," anatero. "Ndimayesa ndinu, mayi."